Ng'oma ya Mercia, Ufumu wa Anthu a M'malire

Lira, ng'oma. Lira, mbalule. Lira, mpanje, dziko limve. Lira mpaka mtsinje wa Trent utembenuke m'khwawa mwake. Lira mpaka Severn atukule mutu kumapiri. Lira mpaka akhwangwala a pa Tamworth abalalike. Wokhala pansi aimirire. Woimirira avule chisoti. Woyenda aponde monyang'ama, pakuti tikulowa kumsitu kumene agona mafumu. Lero tikutchula Mercia.

Mercia, dzina lotanthauza anthu a m'malire. Mercia, wobadwira kumpanda. Mercia, wopatsidwa tsala la kumapeto kwa munda. Mercia wozingidwa mbali zonse: kumpoto Northumbria, kum'mawa East Anglia, kum'mwera Wessex, kumadzulo mapiri a Wales. Mercia, nungu yogona pakati pa agalu anayi, galu aliyense n'kubwerera kwawo ndi munga pamphuno. Mercia wa mchere wa ku Droitwich. Mercia wa mtovu wa kumapiri a Peak. Mercia wa Tamworth, bwalo la mafumu. Wa Lichfield, mpando wa ansembe. Wa Repton, chigono cha otsogola. Mercia, mbewu ya Icel. Mercia, malire amene adakula n'kumeza munda.

Mlandu wa Mercia udazengedwa mwini wake palibe. Adaulemba Bede, mmonke wa ku Jarrow, mwana wa Northumbria wolira mafumu ake. Adaulemba alembi a ku Wessex, odya m'bwalo la Alfred. Adaulemba Asser wa ku Wales, wobadwira kuseri kwa ngalande. Anamfedwa ndiwo adagwira cholembera. Tsono lero ng'oma iyankhe. Lero woimbidwa mlandu alowe m'bwalo ndi mboni zake.

Penda! Inu mwana wa Pybba. Inu mkango wa pa Trent. Inu mphenzi yosalonjera. Inu kamvuluvulu wa pakati pa chilumba. Inu thundu lotsiriza la nkhalango yakale, otsira nsembe kwa milungu ya makolo anzanu ambiri atagwada m'madzi a ubatizo. Inu odya mafumu asanu osatsuka m'kamwa.

Pindani zala, ana inu, tiwerenge. Chala choyamba Edwin wa Northumbria, wogwa pa Hatfield mu 633, tsiku limene Penda ndi Cadwallon wa ku Gwynedd adasaka nyama imodzi. Chala chachiwiri Sigeberht wa East Anglia, wokokedwa ndi anthu ake m'nyumba ya amonke, wofika kunkhondo ndi ndodo yokha m'manja. Chala chachitatu Ecgric, wogwa pambali pake tsiku lomwelo. Chala chachinayi Oswald wa Northumbria, pa Maserfield mu 642, mutu pachichiri, manja pazichiri. Chala chachisanu Anna wa East Anglia. Dzanja latha, chibakera chafumbatidwa. Nanga Cenwalh wa Wessex, wosiya mlongo wa Penda n'kutenga mkazi wina? Adalawa ukali wa mlamu: zaka zitatu kutali ndi mpando, zaka zitatu kudya m'mbale za eni.

Penda pa Bamburgh, thanthwe loyang'ana nyanja. Linga litakana mkondo, mudati moto ulankhule. Mudagwetsa midzi yozungulira. Mudasenzetsa mitanda, phaso ndi udzu wa madenga. Mudaunjika mulu m'tsinde mwa linga, mudayatsa, utsi tolotolo kumwamba. Pa kachilumba ka Farne, Aidan wansembe adaona malawi, adakweza manja, misozi mbwe. Mphepo idatembenuka, moto n'kunyambita ouyatsa. Tsiku limenelo panalibe munthu wokubwezani. Idakubwezani ndi mphepo.

Inu osabatizidwa, osatsekanso njira. Mwana wanu Peada adalandira ubatizo mu 653, ansembe anayi n'kulowa m'dziko lake, inu duu. Amene ankakunyansani ndi wopemphera pakamwa manja ali kwina. Mdani wanu Bede ndiye adakuchitirani umboni umenewu, dzino lili gwa.

Winwaed, mtsinje wa tsoka! Winwaed, pa 15 Novembala 655, mitambo ili bii. Oswiu wa Northumbria adayala chuma kuti agule mtendere, inu mudachikankha ndi phazi. Akalonga 30 adali pambuyo panu, aliyense ndi gulu lake. Mvula idagwa, mtsinje udasefukira, othawa adapeza njira yasanduka madzi. Madzi adameza ambiri kuposa amene lupanga lidadya. Thundu lidagwa. Dziko lidati ndii. Kumpoto adaimba mabelu, nati moto wazima.

Wazima? Khala lidali m'phulusa. Zaka zitatu khala m'phulusa. Nduna zitatu, Immin, Eafa ndi Eadberht, zidafungatira mwana wa Penda monga thadzi libisa mwanapiye kabawi akamazungulira. Mu 658 zidavundukula mapiko. Wulfhere! Inu khala lobisika. Inu lupsa lodzuka kutacha. Inu ofika ndi mkondo pa chilumba cha Wight n'kuchipereka kwa mfumu ya Sussex ngati mphatso ya pa ubatizo. Inu oitana Chad mu 669 kudzakhala pa Lichfield: Chad woyenda pansi, Chad wa fumbi kumapazi, Chad wokana kavalo mpaka Theodore wa ku Canterbury, nkhalamba ya imvi mbuu, adamunyamula ndi manja ake n'kumukhazika pachishalo.

Æthelred, mng'ono wa Wulfhere! Inu ophwasula Rochester mu 676. Inu a pa gombe la Trent mu 679, pamene Ælfwine, mnyamata wa zaka 18, mbale wa mdani wanu, mlongo wa mkazi wanu, adagona chafufumimba, maliro n'kumveka nyumba ziwiri. Theodore adakhala nkhoswe, dipo la mwazi lidaperekedwa, Lindsey adatsala m'dzanja la Mercia. Inu ovula chisoti chaufumu mu 704 n'kukameta ku Bardney. Inu mkango wodzimeta manyenje. Coenred wolowa m'malo mwanu adatsata mapazi omwewo, mu 709 n'kutenga ndodo ya ulendo wa ku Rome.

Bardney, chipata chotsekedwa! Kumeneko mfumukazi Osthryth, mkazi wa Æthelred, idafika ndi ngolo, m'ngolomo mafupa a Oswald, atate ake aakulu, yemwe uja wa chala chachinayi. Amonke adakana: uyu adatilamulira ali mlendo, agone panja. Ngolo idagona panja, chihema pamwamba. Usiku wonse, akutero Bede, mzati wa kuwala udaima kuchokera pangolo mpaka kuthambo. Kutacha, chipata chidatseguka chokha m'mitima ya otseka. Mafupa amenewa musawaiwale. Akali ndi ulendo wina.

Æthelbald! Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Inu opirikitsidwa ndi Ceolred. Inu ogona m'bango. Inu opalasa bwato m'madambo a Crowland kukagogoda pa khumbi la Guthlac, msilikali wotaya chishango, wopemphera yekha m'nthiti mwa mtumbira wa manda akale. Iye adakuuzani kuti fatsani, mpando ukubwera wokha. Mu 716 udabwera. Zaka 41 mudaukhala, zaka 41 osasendera. Bede yemwe adalemba mu 731 kuti kum'mwera konse kwa Humber kuli pansi pa phazi lanu. Chikalata cha 736 chidakutchani mfumu ya Britain. Inu okhometsa msonkho zombo za padoko la London. Inu njovu yosadziwa mpanda, yolowa ngakhale m'munda wa Mulungu, mpaka Boniface adatumiza kalata yoyaka kuchokera kutsidya kwa nyanja. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pa Seckington mu 757, usiku, alonda anu omwe adasolola mipeni. Repton adatsegula nthaka, adakulandirani.

Tsono menyani ndi manja awiri. Menyani chikopa chitenthe. Menyani phula lisungunuke. Akubwera mwini dzina.

Offa! Offa! Offa! Inu mwana wa Thingfrith. Inu opirikitsa Beornred chaka chisanathe. Inu phiri lophimba mapiri. Inu chiwombankhanga cha pa Tamworth, mthunzi wa mapiko kufika ku Kent. Inu ogwaditsa anthu a ku Hastings mu 771. Inu othyola mkondo wa Cynewulf wa Wessex pa Bensington mu 779. Inu apongozi a mafumu: Beorhtric wa Wessex mkamwini wanu mu 789, Æthelred wa Northumbria mkamwini wanu mu 792. Kum'mwera mkamwini, kumpoto mkamwini, pakati inu, zaka 39.

Offa, mlimi wa mzere umodzi! Alimi ena amaunda mizere zana n'kukolola dengu. Inu mudaunda umodzi n'kukolola dziko. Mzere wokwera zitunda. Mzere wotsika zigwa. Mzere wosakhotera thanthwe. Ngalande kumadzulo, mtumbira kum'mawa. Ngalande kuyang'ana Powys, mtumbira kufungatira Mercia. Misana yosawerengeka idawerama. Madengu osawerengeka adasenzedwa. Dothi lidakwera pa dothi mpaka lidasanduka lamulo. Asser wa kuseri kwake adalemba kuti udachokera kunyanja n'kukafika kunyanja. Mvula ya zaka 1,200 yaukwapula, koma makilomita oposa 100 akali chiimire, nkhosa zikudya pamsana pake. Wa m'malire adalemba malire ake yekha, cholembera chake khasu, pepala lake dziko.

Offa wa ndalama yowala! Siliva wopyapyala ngati tsamba, nkhope yanu pamenepo, tsitsi lopotana ngati la mafumu a ku Rome. Siliva wina, nkhope ya Cynethryth mkazi wanu, wosulidwa ndi Eoba: mfumukazi yokhayo mwa mafumukazi onse a Anglo-Saxon imene dzina lake lidayenda m'misika. Golide wina, wa zilembo za Chiarabu, wotengera dinari ya al-Mansur wa ku Baghdad, pakati pake dzina la Offa lili chozondoka. Baghdad ndi Tamworth pa kachitsulo kamodzi kokwana pachikhatho cha mwana.

Offa wosaweramira Charlemagne! Mfumu ya ku Francia idafunsira mwana wake Charles mbeta ya m'nyumba mwanu. Inu mudati chabwino, nanunso perekani Bertha wanu kwa Ecgfrith wanga, mbiya isinthane ndi mbiya. Charlemagne adapsa mtima, madoko adatsekedwa, zombo zidauma pamchenga. Inu phee. Mu 796 kalata idaoloka nyanja, ikukutchani mbale. M'kalatamo miyala yakuda imene mudapempha. M'kalatamo lamba, lupanga la anthu a Avar ndi nsalu ziwiri za silika. M'kalatamonso dandaulo: mikanjo yaubweya yochokera kwanu yayamba kufupika, uzani oluka aitalikitse monga kale. Tamvani, anthu inu! Mwini theka la Ulaya akuyeza ndi dzanja chofunda cha ku Mercia.

Offa wodula ndodo ya Canterbury pakati! Pa msonkhano wa ku Chelsea mu 787, Jænberht adataya gawo la ulamuliro wake, Hygeberht wa ku Lichfield n'kuvala mkanjo wa arkiepiskopi, Papa Hadrian n'kuvomera. Chaka chomwecho Ecgfrith adadzozedwa mafuta atate ake akali pampando. Ndalama zagolide 365 pachaka zidalonjezedwa ku Rome, tsiku lililonse yake.

Koma ng'oma yoona siibisa chipsera. Offa wa nkhwangwa yofiira. Offa wolambula njira ya mwana osasiya mphukira. Offa wodula mutu wa Æthelberht wa East Anglia mu 794, amene Hereford imamutchula woyera mpaka lero. Mlandu suola. Mu Julayi 796 phiri lidagona. Ecgfrith adakhala pampando masiku 141. Masiku 141! Mbewu isanache, mwini munda adatsatira atate ake. Alcuin, mphunzitsi wa ku York, adati mwazi wokhetsedwa ndi bambo wagwera mwana. Nyumba idasesedwa kwambiri, wolowa dzina adasowa.

Coenwulf, nthambi yakutali yonyamula denga! Inu opondereza Kent mu 798, Eadberht Præn n'kutengedwa ali m'zingwe, maso ndi manja atatsala m'mbuyo. Inu obwezera Canterbury ndodo yake mu 803. Inu a ndalama yagolide yotchula msika wa London, yogona m'matope a ku Biggleswade mpaka 2001. Inu dzuwa la madzulo, lofiira psuu, lalikulu polowa.

Tsitsani manja. Ng'oma ilire ngati mtima wa wodwala. Ellendun, 825: Ecgberht wa Wessex adathyola Beornwulf. East Anglia idadya Beornwulf, idadyanso Ludeca ndi nduna zake zisanu. Wiglaf adachotsedwa mu 829, adabwerera mu 830, pakuti wa m'malire sazulidwa ndi dzanja limodzi. Kenaka zombo za mitu ya zinjoka. Ma Viking pa Nottingham mu 868. Ma Viking pa Repton mu 873, mahema awo pamwamba pa manda a mafumu, ngalande yawo kudutsa pa tchalitchi. Burgred, wolamulira zaka 22, adaoloka nyanja n'kukafera ku Rome. Mu 877 dziko lidang'ambika pakati ngati nsalu ya pamaliro, kum'mawa kwa alendo, kumadzulo kwa Ceolwulf. Dzombe lidadya munda. Malire adabwerera pakhomo.

Amayi, nthungululu! Amayi, chotsani mipango ya maliro! Amayi, nthungululu ifike ku Chester!

Æthelflæd! Inu Mayi wa anthu a Mercia. Inu mwana woyamba wa Alfred. Inu mwana wa Ealhswith, mkazi wa mwazi wa Mercia: madzi saiwala khwawa, mbewu idabwerera m'nkhokwe ya kuchikazi. Inu mkango waukazi, wosaka amuna ali mtulo. Inu njuchi yomanga zisa zoluma. Inu ogwira ndodo mwamuna wanu Æthelred ali chigonere, oigwiritsa atatsikira kulichete mu 911, nduna zonse n'kuwomba m'manja, popanda wofunsa kuti mwamuna ali kuti.

Inu omanga malinga monga mlimi atchinga dimba. Linga pa Chester mu 907. Linga pa Bridgnorth mu 912, loyang'anira madoko a Severn. Linga pa Tamworth mu 913, bwalo la Offa kudzukanso. Linga pa Stafford chaka chomwecho. Linga pa Eddisbury, linga pa Warwick, mu 914. Linga pa Chirbury, linga pa Runcorn, mu 915. Chichiri apa, chichiri apo, mpaka fisi adasowa polowera. Offa adaunda mzere. Inu mudabzala mapando.

Inu osachedwa kulipsira: mkulu wa amonke Ecgberht ataphedwa mu 916, masiku atatu okha asilikali anu adali pa nyanja ya Llangorse, mkazi wa mfumu ya kumeneko n'kutengedwa. Inu olanda Derby mu 917, ngakhale nduna zinayi za pamtima panu zidagwera m'kati mwa zipata. Inu olandira Leicester mu 918 mkondo uli m'chimake. Inu amene akuluakulu a ku York adakutumizirani malumbiro akuti tili pansi panu. Malumbiro adanyamuka; imfa idadutsa njira yachidule. Pa 12 Juni 918, pa Tamworth, mwezi udalowa usiku uli pakati.

Adakunyamulani ulendo wa ku Gloucester. Kumeneko adakudikirani ndani? Mafupa aja. Mafupa a pangolo, mafupa ogona panja pa Bardney, amene gulu lankhondo lidakawatenga m'dziko la ma Viking mu 909 n'kuwaika m'kachisi amene inu mudamanga. Amene Penda adamudula, Æthelflæd adamufunditsa. Amene Mercia adamupachika pachichiri, Mercia adamumangira nyumba. Chala chachinayi chidatambasuka, chibakera chidasanduka chikhatho. Mayi wa Mercia ndi mfumu ya Northumbria pansi pa denga limodzi, mlandu wa Maserfield n'kutha popanda nkhoswe.

Ælfwynn, mwana wamkazi wolowa mpando wa mayi wake! Ælfwynn wa miyezi yowerengeka. Adabwera malume ake Edward, amene adayenera kukhala mthunzi wa mbumba, n'kumutsitsa pampando Khrisimasi isanakwane, n'kumutengera ku Wessex, dzina lake n'kuzimirira ngati mame. Koma tambala adali atakulira kale m'khola la Mercia: Æthelstan, woleredwa ndi azakhali ake Æthelflæd, wolongedwa ufumu ndi a Mercia poyamba, wogwirizanitsa England yense mu 927. Wessex adameza Mercia, Mercia n'kulankhulira m'mimba mwake.

Tsono mboni zilowe. Lowa, mzere wa Offa, ndi udzu wako ndi nkhosa zako. Lowa, siliva wa Cynethryth. Lowa, golide wa dzina lozondoka. Lowani, mizati inayi yopotana ya pansi pa tchalitchi cha Repton, mudasenza denga la mafumu ogona, mudamva mapazi a ma Viking pamwamba panu, simudagwe.

Lowa iwe wotsiriza, munda wa ku Hammerwich, kufupi ndi Lichfield, m'mphepete mwa msewu wakale wa Watling. Munda wosalankhula. Munda wolimidwa chaka ndi chaka, chinsinsi chili m'kamwa. Mu Julayi 2009 udalavula. Golide makilogalamu angapo. Siliva woposa kilogalamu imodzi. Tizidutswa pafupifupi 4,600, ngwee pa dothi lofiira. Timiyala tofiira ngati madontho a mwazi, tosemedwa mwaluso loposa diso. Tinyama tolumana michira, tinjoka tolukana ngati mphasa. Mtanda wagolide wopindidwa ngati tsamba. Zigwiriro za malupanga zosupulidwa chimodzichimodzi, malupanga ake palibe. Lupanga lililonse lidali ndi mwini. Mwini aliyense adali ndi mayi. Wokwirira sadabwerenso kudzakumba. Nthaka idasunga zaka 1,300, osaba kanthu, osawonjeza kanthu. Alembi adalemba zimene adamva. Munda waonetsa zimene udagwira.

Bwalo lamva. Bwalo laona. Penda, lowani. Wulfhere, lowani. Æthelred, Æthelbald, Offa, Coenwulf, Wiglaf, lowani. Cynethryth, Æthelflæd, Ælfwynn, mphasa yanu yayalidwa kale. Woimba ng'oma manja atupa, chikopa chatentha, nkhuku zayamba kulira. Inu a kumpanda, inu a kumapeto kwa munda, inu a m'malire, senderani kuno. Khalani pakati.